Diresi la m'bokosi la atsibweni

Abale anzanga, nkhani ya lero ndi ya zovala, koma yambani mwakhala pansi. Ndikudziwa kuti ena museka, ena mulavula, ena muthamangira ku tsamba la zamasewero kukaona zigoli. Zonsezo ndi ufulu wanu, si paja tidavotera matipate? Koma inu a geni ya kaunjika, inu a m'masitolo a nsalu, ndi inu ophunzira amene mumachezera kutsutsana za ufulu wachibadwidwe m'mahositelo, chonde musachoke. Nkhaniyi ndi yanu.

Kwathu kuno ku Mchinji ndili ndi atsibweni. Dzina lawo ndi mudzi wawo musandifunse, sindinena. Ndi bambo wa zaka zopitirira 70, telala amene adapumitsa makina ake, mlimi wa mtedza, mwini ana ndi zidzukulu. Akazi awo adatisiya zaka zapitazo. Chaka chatha adadwala mpaka tonse tidataya mtima, ndipo tsiku lina ali gone m'chipatala adandikodola n'kundifumbatitsa kakiyi komangirira ku kansanza.

"Mphwanga," adatero monong'ona, "kunsi kwa bedi langa kuli bokosi lachitsulo. Ine ndikatsikira kuli chete, iwe ukalichotse abale asanakhale pansi kugawana zovala. Lisatsegulidwe pa anthu."

Ine mumtima ndidati mwina ndi ndalama za mtedza, kapena mankhwala achikuda amene akuluakulu safuna kuti ana aone. Chauta adawakomera mtima, adachira. Atabwerera kumudzi adatseka chitseko, adakoka bokosi lija n'kulitsegula okha ine ndikuona. Mudali madiresi, masiketi, mabulauzi, andiloko, mipango ndi zibangili, zonse zochapa bwino, zopinda mwaluso. Ndidafunsa ngati zidali za malemu akazi awo. Adaseka mpaka kutsokomola.

"Malemu aja adali kamunthu kochepa, m'diresi ili akadalowamo awiri. Izi ndi zanga."

Adandiuza kuti chiyambire unyamata wawo, nthawi zina madzulo amatseka chitseko, kuvala chimodzi mwa zovala zimenezi, kukhala pampando ola limodzi kapena awiri, kenaka kuvula, kupinda ndi kubwezera m'bokosi. Basi. Si chizimba cha bizinesi monga ambiri angafulumire kunena, komanso si misala. Safuna kusanduka mkazi, ndipo akazi awo adawakonda ndi mtima wonse mpaka tsiku lowaika m'manda. Malemuwo ankadziwa, ndipo chinsinsicho adapita nacho. Nditafunsa chifukwa chake, atsibweni adangoti mtima wawo umakhala pansi akatero, ndipo kuti kwa zaka 50 akhala akufunafuna yankho lina koma sadalipeze.

Ine si dokotala kapena m'busa, choncho za chifukwa ndizisiyira pomwepo. Chimene chidandigwira mtima ndi china. Zovala zimenezi ankazigula bwanji, kumudzi ngati kwathu kuno komwe ukagula sopo m'mawa, pofika masana aliyense wadziwa mtundu wake? Adandifotokozera chimodzichimodzi, ndipo adandilola kulemba bola ndisawatchule. Ndidaona kuti bokosi lija lasunga mbiri ya malonda a zovala m'dziko muno, chovala chilichonse ndi nyengo yake.

Pansi penipeni pali diresi la buluu la maluwa oyera, la m'zaka za m'ma 1970. Ife a lero sitingamvetse momwe kugula chovala kudalili nthawi imeneyo. Kudalibe milu ya kaunjika yoti munthu n'kumafukula yekha. Katundu ankakhala kuseri kwa kauntala, iwe kuno, ndipo umachita kuloza ndi chala kuti akutsitsire. M'zaka zomwezo boma la Kamuzu lidalamula amwenye kuti achoke m'madera a kumidzi, akachite malonda awo m'mizinda ikuluikulu yokha. Kotero sitolo ya kwanu idatsala m'manja mwa munthu wodziwa mayi ako, mfumu yako ndi mpingo wako. Ukaloza diresi, lisanatsike pa shelefu funso lafika kale: "N'la ndani?"

Kugula nsalu kokha sikudali kovuta. Mwamuna wogula mayadi a nsalu ya David Whitehead, ija inkapangidwa ku fakitale ya ku Blantyre, ankatamandidwa kuti ndi bambo wodziwa kuveka banja. Vuto lidali kwa telala. Telala wa pakhonde ankadziwa muyezo wa mayi aliyense m'deralo, kuyambira mkazi wa mfumu mpaka namwali wongotha kumene msinkhu. Ndiye atsibweni adadziyeza okha usiku ndi luzi, adamanga mfundo zitatu, ya pachifuwa, ya m'chiuno ndi ya kutalika, n'kupita nalo kwa telala wa kutali ndi kwawo. Ati ndi la mlongo wawo wokwatiwa ku migodi ku Kitwe. Telala uja adatambasula luzi, adayang'ana mfundo, adayang'ana atsibweni, n'kunena kuti: "Akulu, mlongo wanuyu mapewa ake ngati wonyamula matumba pa ADMARC bwanji?" Diresi adasoka ndithu, koma atsibweni sadapondenso pakhonde limenelo. Chaka chotsatira adayamba kuphunzira utelala kuti azidzisokera okha. Ndiye kuti ntchito imene idalera ana awo onse, imenenso idandilipirira ine fizi ku sekondale, idabadwa chifukwa cha mantha a tsiku limenelo.

Mantha akewo sadali opanda pake. Mu 1973 Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa lamulo la kavalidwe, lija la Decency in Dress Act, loletsa amayi kuvala mabuluku ndi masiketi oonetsa mawondo pagulu. Amuna nawo adawaikira lamulo loti tsitsi lisatalike kupitirira pakamwa, ndipo alendo ofika pa zipata za dziko lino ndi tsitsi lalitali ankakumana ndi lumo. Nanga ngati mayi ankatha kugwidwa chifukwa cha buluku, mwamuna wopezeka m'diresi zikadamuthera bwanji, masiku amene ayufi a malaya ofiira ankaima pa khomo la msika kufunsa khadi la chipani? Nthawi imeneyo ngakhale mkazi wako umayamba wamuyesa kaye usanamuuze za kukhosi.

Chodabwitsa n'chakuti diresi la pa thupi lachimuna si chinthu chachilendo pakati pathu. Ine ndine Mchewa, za kudambwe sindiulula, ndingonena zimene maso a aliyense amaona. Amene adaonerapo gule wamkulu, kaya pa maliro kumudzi, kaya ku Kulamba ku Mkaika m'boma la Katete, adamuona Maliya akulowa m'bwalo ali m'diresi, mpango kumutu, akuyenda monyang'wa amayi akululutira. Gule ameneyu bungwe la UNESCO lidamulemekeza mu 2005 ngati chuma cha dziko lonse lapansi. Chilombo chimachokera kumanda, inde, koma diresi lake silichokera kumanda ayi, alipo amene amakaligula pa msika. Nanga m'sukulu za anyamata okhaokha, pa mpikisano wa zisudzo, mbali ya mayi amatenga ndani? Pa ukwati kapena pa mpira, simudaonepo mnyamata atavala diresi la mlongo wake, masokosi awiri atakulunga pachifuwa, anthu n'kumafa ndi phwete?

Atsibweni adaona khomo pamenepo. M'zaka za m'ma 1980, akafuna bulauzi kapena andiloko, zinthu zovuta kusoka pa makina a pakhonde, ankakwera basi ya ku Lilongwe, mtunda wa makilomita oposa 100, kukalowa m'masitolo a amwenye a ku Bwalo la Njobvu. Akafunsidwa ankati ndi za sewero la Khirisimasi. Mawu amenewo ankatsegula zitseko zonse, mpaka wogulitsa ankachita kuwathandiza kusankha yaikulu bwino. Apa ndiye pagona nkhani. Ife Amalawi timamulola mwamuna kuvala diresi malinga ngati tikumuseka. Akangosiya kutiseketsa, timatola miyala.

Kenaka kudabwera kaunjika. Anzathu a ku Zambia ndiwo adayamba kusambira m'zovala zimenezi chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980. Iwo amati salaula, kutanthauza kusankha pa mulu, ndipo geni yake idakula zedi Frederick Chiluba atatenga boma mu 1991 n'kumasula malonda. Mayi wina wofufuza za chikhalidwe cha anthu, Karen Tranberg Hansen, adachita kulemba buku lathunthu la salaula lomwe lidatuluka mu 2000. Tsono kwa ife a ku Mchinji, Chipata ndi kuseri kwa nyumba. Kuchoka pa boma kufika pa malire a Mwami ndi makilomita 12 okha, ndipo a m'midzi ya m'malire ali ndi tinjira tawo ta njinga tosadziwa chidindo. Atsibweni ankapalasa m'bandakucha, pofika nthawi ya kadzutsa ali pa msika wa Kapata. Kumeneko sadali atsibweni a munthu, sadali telala wa pakutipakuti. Adali kasitomala wa ku Malawi basi.

Kuno kwathu nako zinthu zidasintha. Pa 14 Juni 1993 Amalawi adavota pa riferendamu, chaka chomwecho lamulo la kavalidwe lija lidathetsedwa, ndipo pofika chisankho cha pa 17 Meyi 1994 asungwana a m'tauni adali atayamba kuyesa mabuluku, anthu akuwaimbira miluzu m'misewu. Boma litaisiya kwacha kuti izidzipezera yokha mtengo mu 1994, ndalamayo idagwa mphamvu, chovala chatsopano cha m'sitolo chidasanduka cha mabwana, ndipo mabelo a kaunjika adasefukira m'misika yonse: pa boma, pa Kamwendo, pa Kapiri, pa Mkanda, pa Waliranji.

Pa mulu wa kaunjika palibe kauntala. Aliyense amawerama, bwana ndi wantchito, mphunzitsi ndi waganyu, ndipo palibe amene ali ndi nthawi yoyang'ana chimene mnzake watola. Kaunjika adabweretsanso bodza latsopano lokoma kuposa la sewero lija: "Ndikupikula." Mwamuna wonyamula mabulauzi khumi sadalinso wodabwitsa, adali wa geni wokagulitsa kumudzi. Chinanso, mabelo ochokera ku Ulaya ndi ku America amakhala ndi zovala za amayi a matupi akuluakulu, zotambalala m'mapewa, zazitali manja. Amayi a kuno ankazisiya, zinkatsalira pansi pa mulu mpaka tsiku lotchipitsa, ndipo atsibweni ankazitola pa mtengo wa tomato. Kayezedwe kake mukukadziwa: chiuno cha siketi umachizunguliza pakhosi, chikakumana ndiye kuti ikukwana. Vuto n'lakuti khosi loyezera limayenera kukhala la mwini siketi, ndiye atsibweni ankachita mwachangu, ngati munthu akupukuta thukuta.

Kaunjika yemweyo ndiye adapha utelala wawo. Anthu adasiya kusoketsa, pakhonde padangotsala ntchito yochepetsa ndi kuika zigamba, ndipo nayo fakitale ya David Whitehead idafooka mpaka boma lidaigulitsa mu 2003. Atsibweni amati kaunjika adawalanda nsima ndi dzanja lamanja n'kuwapatsa mtendere ndi lamanzere. Theka la bokosi lija ndi la zaka zimenezo.

Kenaka pali mpata. Kuyambira 2010 mpaka zaka zingapo zotsatira, m'bokosi simudalowe kanthu. Chifukwa chake mukuchikumbukira. Kumapeto kwa Disembala 2009, Tiwonge Chimbalanga ndi Steven Monjeza adachita chinkhoswe ku Chirimba mumzinda wa Blantyre, Tiwonge atatchena zachimayi. Apolisi adawamanga, pa 20 Meyi 2010 khoti lidawagamula kuti akakhale kundende zaka 14, ndipo pa 29 Meyi Pulezidenti Bingu wa Mutharika adawakhululukira atakumana ndi mlembi wamkulu wa United Nations, Ban Ki-moon. Pambuyo pake Tiwonge adakakhala ku South Africa. Nkhani ya Tiwonge ndi ya atsibweni n'zosiyana. Tiwonge amadziona kuti ndi mkazi ndipo amakhala choncho usana ndi usiku, pamene atsibweni ndi bambo amene amavala diresi kuchipinda kwawo. Koma msika susiyanitsa zimenezo. Kuyambira chaka chimenecho, mwamuna aliyense wochedwa ndi bulauzi m'manja pa mulu ankamva kumbuyo kwake: "Aunt Tiwo!"

Apa ndiyenera kuulula tchimo langa. Nditasiya yunivesite m'chaka chachiwiri chifukwa chosowa fizi, ndidabwerera kuno n'kuyamba geni ya kaunjika, ndipo belo langa loyamba lidali la madiresi. Tsiku lina la msika kudabwera mnyamata wooneka waulemu, wa msinkhu wanga. Adatola diresi lofiira, adayang'ana uku ndi uku, n'kudziyeza nalo pachifuwa kamphindi kochepa chabe. Amene adayamba kukuwa dzina lija ndidali ine. Anzanga adalandira, msika wonse udaseka, ana adayamba kumulondola. Adaponya diresi pansi, ndalama ili m'manja, n'kulowa m'chimanga cha kuseri kwa msika. Sindidamuonenso. Madzulo ake diresi lija ndidaligulitsa motchipa kwa mayi wina, ndipo ndidagona tulo tabwino, kudziona ngati ndateteza chikhalidwe. Tsiku limene atsibweni adatsegula bokosi lawo, nkhope imene idandibwerera m'maso idali ya mnyamata ameneyo.

Ndipo tisaiwale kuti chipongwe cha pa msika sichisankha. Mu Januwale 2012 anyamata ena ogulitsa malonda m'misewu ya Lilongwe, Mzuzu ndi Blantyre adayamba kuvula amayi ovala mabuluku ndi masiketi aafupi, patatha zaka 18 lamulo loletsa zovalazo litathetsedwa. Amayi adasonkhana ku Blantyre kudzudzula mchitidwewo, Joyce Banda, yemwe nthawiyo adali wachiwiri kwa pulezidenti, ali nawo pomwepo, ndipo Bingu adachita kulankhula ku mtundu wonse kuti mayi ali ndi ufulu wovala chimene akufuna. Tafunsani kuti mabuluku amenewo amayiwo adawagula kwa yani. Kwa ife tomwe a m'misika! Dzanja lolandira ndalama m'mawa ndi lomwelo long'amba chovala masana. Akuluakulu adati chaona mnzako chapita, mawa chiona iwe. Lero tikukuwiza mnyamata wa diresi, mawa ndi mlongo wako wa buluku.

Chomaliza kulowa m'bokosi ndi nsapato, ndipo adagula ndine. Pa zaka zonsezi nsapato ndizo zidawakanika atsibweni. Phazi lawo ndi saizi 43, ndipo nsapato yachimayi ya saizi imeneyo pa mulu imapezeka mwa apo ndi apo. Ukaipezanso, uiyeza bwanji anthu akuona? Atachira ndidawafunsa chimene akadakonda, adayankha mwamanyazi kuti gogoda zakuda. Ndidatenga foni. Masiku ano amayi ambiri a geni amene amakatenga katundu ku Dar es Salaam, ku Johannesburg, ku Lusaka ngakhale ku China amaika zithunzi pa WhatsApp ndi pa Facebook. Ndidalembera mmodzi wa ku Lilongwe. Adandifunsa mafunso awiri okha, saizi ndi mtundu. Ndalama ndidatumiza pa foni pomwepo, paja Airtel Money idayamba mu 2012 ndipo Mpamba wa TNM mu 2013, ndipo patatha masiku atatu kondakitala wa minibasi adanditsitsira kaphukusi pa depoti. Zimene atsibweni ankazipalasira njinga kudutsa malire a dziko, ine ndidazichita nditakhala pa mpando wa ndalema.

Komatu musafulumire kuomba m'manja. Ku Lilongwe ndacheza ndi achinyamata angapo a mtima ngati wa atsibweni, ena ophunzira m'makoleji, ena a m'maofesi. Onse amavomera kuti kugula kudaphweka, koma amati foni ili ndi msampha wake. Chiyambire kalembera wa manambala a foni mu 2018, ukatumiza ndalama dzina lako lenileni limaonekera kwa wolandira. Telala wakale uja akakukayikira ankangouza anzake a pa bawo. Wogulitsa wa lero akakukayikira amajambula macheza anu n'kuponya pa gulu la WhatsApp, pofika madzulo afika kwa abwana ako, kwa abusa ndi kwa apongozi. Mmodzi adandiuza kuti munthu wina adamuopseza kuti amuyalutsa akapanda kumutumizira ndalama, ndipo adalipira miyezi itatu. Kupolisi sadapite. Akadakanena kuti chiyani, pamene aliyense adamva za Jana Gonani wa ku Mangochi, yemwe naye amakhala ngati mkazi, amene adamangidwa mu 2021 n'kugamulidwa zaka 8? Pa 28 Juni 2024 khoti loona za malamulo aakulu a dziko lino lidakana pempho lake loti lichotse ndime zoletsa kugonana amuna okhaokha. Milandu imeneyo si ya zovala ayi, koma wovala diresi amaopa kuti akakadziwonetsa, mafunso sakakhala a diresi.

Choncho achinyamatawa ali ndi mndandanda wawo wa m'mutu: mayi wakuti wa pa msika wa Tsoka salankhula, sitolo yakuti ili ndi chipinda choyezera chokhala ndi loko, telala wakuti amayeza osafunsa. Amauzana monong'ona, ndipo akapeza wogulitsa wosunga pakamwa samusiya, ngakhale akweze mtengo. Inu a geni, imvani bwino pamenepa. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 mtengo wa belo udathawa, mpaka mu Febuluwale 2025 anzathu a kaunjika ku Lilongwe adaguba kupita ku Nyumba ya Malamulo kukalira. M'nyengo yotere, alipo kodi wa geni amene makasitomala amuchulukira moti n'kumathamangitsa ena ndi mluzu?

Koma sindifuna kuti nkhaniyi ithere pa ndalama pokha. Ndikudziwa kuti ambiri mwa inu mukuganiza za Deuteronomo 22:5, vesi imene imaletsa mwamuna zovala zachikazi ndi mkazi zovala zachimuna. Vesi yomweyo ndi imene inkawerengedwa podzudzula amayi a mabuluku, koma lero mabuluku a amayi ndiwo akuyenda malonda pa benchi panu. Sindikukuuzani kuti musinthe chikhulupiriro chanu, kapena kuti mukondwere ndi zimene atsibweni amachita. Inenso nditaona bokosi lija mutu udandizungulira sabata yathunthu. Chimene ndikupempha n'chaching'ono, ndipo mumachichita kale tsiku ndi tsiku.

Wa geni aliyense ndi nkhokwe ya zinsinsi. Mumamudziwa bwana amene amagula madiresi awiri ofanana, lina la kunyumba lina la kuseri. Mumamudziwa mayi amene amatenga pa ngongole bambo a kunyumba osadziwa, ndi mtsikana wa sukulu amene mwezi uno wayamba kufuna masiketi otakasuka m'chiuno. Zonsezi mumaziona, mumalandira ndalama, mumabweza chenji, pakamwa n'kutseka. Ulemu womwewo mpatseni mwamuna amene waima pa mulu wanu ndi diresi m'manja. Mwina ndi la mkazi wake, mwina ndi la Maliya, mwina ndi la sewero, mwina ndi lake. Funso la kuseri kwa kauntala lija, lakuti "n'la ndani", lidayenera kupita limodzi ndi makhadi a chipani.

Nanu ophunzira, amene mawa mudzakhala maloya, apolisi, aphunzitsi ndi atolankhani, mumaloweza kuti m'malamulo aakulu a dziko lino a 1994, ndime 19 imateteza ulemu wa munthu ndipo ndime 21 imateteza zinsinsi za moyo wake. Kuloweza n'kosavuta pamene munthuyo ndi mnzanu wogwirizana naye. Mayeso enieni amabwera usiku, chithunzi choyalutsa munthu wachilendo chikagwa pa foni yanu, anzanu onse akuseka. Pamenepo chala chanu ndicho chimagamula, kutumiza kapena kufufuta.

Sabata yatha ndidapita kukawaona atsibweni. Ndidawapeza akuswa mtedza pakhonde. Ndidawafunsa ngati, poona momwe zinthu zasinthira, akadali ndi maganizo oti bokosi lija lidzachoke mwakabisira. Adati inde. Ati kugula kudaphweka, zoona, kuchokera pa luzi la mfundo zitatu kufika pa foni, koma mtunda wochokera kuchipinda kufika pakhonde ukadali womwe uja wa m'ma 1970. Safuna kuti zidzukulu zawo zidzapatsidwe maina kusukulu chifukwa cha agogo amene ali m'manda. Ndidawalonjeza. Zovalazo ndidzazisakaniza m'belo la mnzanga wina pa msika, zidzabwerere ku mulu kumene zambiri zidachokera, ndipo mayi wina wathupi adzadabwa kupeza diresi lomukwana bwino chotere. Koma la buluu la maluwa oyera lija adati ndidzasunge ine.

Nsapato zija akuti zikuwathina pang'ono pa chala chachikulu, koma sakudandaula. Kakiyi kali m'thumba mwanga. Ndipo iwe mnyamata wa diresi lofiira, ngati uli moyo ndipo ukuwerenga tsamba lino, amene adayamba kukuwa tsiku lija ndidali ine. Pepa, m'bale wanga.